Msuweni Wanga ndi Alendo Ake ku Madzi Otentha

Msuweni wanga, mwana wa amalume, anabwera kuchokera ku Lilongwe ndi anzake atatu a kuntchito, ati adzawaonetse malo a mbiri. Anandiimbira foni kuti ndiwaperekeze, ngati kuti njira za pa Nkhotakota anaziiwala. Munthu woti tinakulira limodzi, tikuthamangitsana opanda nsapato m'minda ya chinangwa!

Tinayambira pa mkuyu wakale uja umene aliyense wobwera kuno amafuna kuugwira. Ife timangoudutsa. Iye anaima patsinde, magalasi akuda kumaso, n'kuyamba kufotokoza za malonda a akapolo m'Chingerezi chotulukira m'mphuno, chikhalirecho onse anali Amalawi. Zambiri ankaphonya, koma ndinangomusiya. Mlendo wina atafunsa ngati mtengowo umabala, msuweni anatembenukira kwa ine.

"Kodi anthu akuno amadya nkhuyu?"

Anthu akuno!

Kenaka tinapita ku madzi otentha aja otumphuka pansi. Kunali monga mwa masiku onse: amayi akuchapa, zovala zitayanikidwa pa udzu, thovu la sopo likutsetsereka ndi madzi. Msuweni anakwinya nkhope.

"Tawauza asunthe pang'ono," anandinong'oneza. "Akuwononga chithunzi."

"Auze wekha, pakamwa uli napo."

Anapita kwa mayi wina amene anali atawerama pa beseni. Ine ndinali nditawazindikira kale: anali mayi anga aang'ono, azakhali ake enieni, amene anamulera zaka zingapo mayi ake akudwala. Sindinamuuze dala.

"Mayi," anatero mokweza ngati akulankhula ndi wogontha, "alendowa akufuna kujambula malo ano popanda anthu."

Mayi aang'ono anaweramuka, n'kupukuta manja pa chitenje. Anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Iwe, si mwana wa achimwene iwe? Wafika liti osadzatiwona?"

Msuweni anavula magalasi. Mayi aang'ono anapitiriza.

"Popanda anthu? Ine ndinkakusambitsa pompano, mphere zili thupi lonse, ukulira ngati mbuzi. Ukufuna mbiri? Auze alendo akowo imeneyo."

Amayi onse anafa nacho chiseko, alendo nawonso. Mmodzi wa alendowo, mtsikana waulemu wake, anagwada n'kupereka moni, kenaka anapempha kuti ajambulitse ndi mayi aang'ono, beseni lili pomwepo. Iwo anavomera, atayamba akonza duku.

Msuweni anati mutu ukumupweteka, n'kukakhala m'galimoto. Ku mzikiti wakale, kumene tinkayenera kumalizira ulendowo, sitinafikeko. Ananyamuka masana omwewo osalowa pakhomo pa aliyense, ngakhale kwa amalume, bambo ake omubala. Anandifunsa ngati andisiye pa boma. Ndinakana, ndinatsala kuthandiza mayi aang'ono kufinya mabulangete.