Dzinja Lomwe Ndinkapempherera Mabingu

Pa tebulo la amayi ku ofesi panali wotchi yofiira ya belu, yong'aluka galasi. Inali yakunyumba. Anaitengera kuntchito dzinja lomwe ofesi yoona za nsomba, kufupi ndi gombe, inalandira kompyuta. Ntchito ya amayi inali kulowetsamo makilo a usipa ndi chambo omwe alembi a m'madoko ankatchula pa wailesi. Belu likalira, ankasiya zonse n'kusunga zomwe alemba pa disiki, makinawo akukukuta ngati mbewa m'nkhokwe. "Chosasungidwa n'cha mphepo," ankatero.

Ine ndinali kamtsikana ka Sitandade 3, ndipo ndinkakonda magetsi akazima. Akazima, amayi ankaweruka msanga, tinkadzera kunyanja, n'kundigulira mango. Choncho mitambo ikada cha ku Khombedza, ndinkagwada kuseri kwa kalasi kupempha Mulungu mabingu. Ankandiyankha kawirikawiri, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Tsiku lina kunabwera bwana wochokera ku Lilongwe, wovala baji ya chipani pa jekete. Belu lija linamudula mawu, ndiye analamula kuti alitseke. Masiku amenewo wamkulu sankayankhidwa. Amayi anapitiriza kulemba m'mawa wonse osasunga pa disiki, bwanayo ali chiimire kumbuyo kwawo kuwafulumizitsa, mpaka mphezi inang'anima.

Ndinathamanga kuchokera kusukulu mvula ikundimenya, n'kulowa mu ofesi ndikuvina.

"Azima! Azima! Amayi tiyeni!"

Galasi la kompyuta linali bii. Zala za amayi zinali zikadali pa mabatani. M'chipindamo munkanunkha fumbi lonyowa ndi fodya. Bwana uja anandiyang'ana, kenako anayang'ana amayi.

"Mwana wanuyu amakondwa ntchito ya boma ikaonongeka?"

"Ndi mwana, bwana. Pepani."

Za magetsi panalibe anatchula, za belu ayinso. Nsomba za tsikulo zinali zitagulitsidwa kale, zina zitayanikidwa pa thandala, panalibe poziyezanso. Mwezi usanathe, pampando wa amayi panakhala munthu wina, iwo anawabweza kokatayipa makalata pa makina akale.

Koma masana a tsikulo sanandikalipire. Anandikhazika pakhonde pakati pa miyendo yawo n'kuyamba kundiluka tsitsi, akukoka mwamphamvu kuposa masiku onse. Dontho lofunda linandigwera pakhosi. Ndinayang'ana kudenga kufunafuna podontha, kenako ndinawafunsa ngati mawa magetsi adzazimanso.