Pepala la Khoti Likubwera

Malume anga ankatolera ngongole za kampani ina yobwereketsa ndalama. Anthu ankangowatcha a Chipewa, chifukwa asanagogode pakhomo la munthu ankayamba avula chipewa. Njinga ankaisiya patali, ngakhale dzinja matope ali tho, kuti oyandikana nyumba asadziwe kuti pakhomopo pafika ndani.

Malamulo a ntchito yawo ankawadziwa ngati mmene mlimi amadziwira mitambo. Wangongole sumulalatira pagulu. Sumuopseza. Sukamunenera kwa abale ake kapena kuntchito kwake. Katundu wake sukhudza popanda chilolezo cha khoti. "Anakongola ndalama," ankatero, "ulemu wake sanakongole kwa ife."

Bwana wa ofesi yawo anaphunzira ntchito kwa malume omwewo, akukwera pakaliyala ya njinga yawo. Atakwezedwa ankawatchabe madala.

Chilimwe china, mitengo itayoyoka masamba, bwanayo anawaitanira pakhonde.

"Madala, mayi wosoka uja wa kuseri kwa msika watitopetsa. Kanyamuleni makina ake."

"Pepala la khoti lili kuti, bwana?"

"Likubwera. Kapena njinga yayamba kukulemerani? Ofuna malo anu ndi ambiri." Anaseka, dzanja lili paphewa pawo. "Ndingakunamizeni inu, amene munandilera pantchito pano?"

Malume anapita. Anapeza mayiyo akusoka yunifolomu ya mwana wasukulu. Atamva chimene abwerera, mayi anakweza singano, nadula ulusi ndi mano, n'kusolola nsalu. Ogulitsa makala ndi tomato anasiya malonda awo n'kumaonerera malume akumangirira makina pakaliyala.

"A Chipewa," anatero mayiyo motsitsa mawu, "lero simunavule."

Malume anagwira kumutu. Chipewa chinalidi pomwepo.

Pepala lija silinabwere. Mmene mvula yoyamba inkagwa, mayi anali atakadandaula ku bungwe loyang'anira obwereketsa ndalama. Ine ndinawaperekeza malume tsiku la mlandu. M'chipindamo munkanunkha majekete onyowa. Bwana anaimirira, taye ili pakhosi.

"Kampani yathu situma munthu kukalanda katundu," anatero. "Malamulo ali pakhoma, ndipo bambowa amawadziwa kuposa tonsefe. Ndi amene anandiphunzitsa ine. Zandikhumudwitsa kwambiri."

Wapampando anafunsa malume ngati panali wina amene anamva akutumidwa. Pakhonde paja anali awiri okha. Malume anayang'ana bwana wawo kuti mwina maso akumana, koma iye ankapukuta magalasi.

Ntchito ya malume inathera pomwepo. Makina analamulidwa kuti abwezedwe, ndipo malume anapempha kuti akabweze okha. Anafunditsa makinawo jekete lawo la mvula, iwo akunyowa. Pakhomo la mayi anavula chipewa, madzi akuyenderera m'khosi.

Mayi sanawapatse mpando. Anathira mafuta m'makina, naponda, namvetsera kulira kwake.

"Ana asukulu amene ndinkawasokera aja anakasoketsa kwina," anatero. "Sabweranso."

"Ndikudziwa, mayi. Ndinadziwa lamulo, koma ndinakhulupirira munthu."

Kenako anatulutsa m'thumba malaya awo a kuntchito, okhala ndi chizindikiro cha kampani pachifuwa.

"Mungandichotsereko ichi? Malayawa akadali olimba."

Mayi anawayang'ana nthawi yaitali. Anatenga lezala, nadula ulusi umodziumodzi, osang'amba nsalu.

"Iyi si ngongole, bambo. Mulipira lero lomwe."

Analipira.

Pamene panali chizindikiro panatsala kadera kakuda, kamene dzuwa la zaka zonse zija silinakafike. Malayawo amavala popita kudimba, kumene tsopano amalima kabichi. Masika apitawa ndinali nawo m'mbali mwa msewu pamene galimoto ya bwana uja inachepetsa liwiro. Galasi linatsika.

"Madala! Muli bwanji, madala?"

Malume, amene amavulira chipewa ngakhale mwana, anasiya manja onse awiri pampini wa khasu mpaka fumbi linatha.