Makina a Kwanuko

Ndili ndi ana aamuna awiri amene sanagonepo m'nyumba imodzi. Wamkulu ndinamusiya ku Zingwangwa m'manja mwa achemwali anga ali wamng'ono, ndikuti ndikakhazikika ndidzamutenga. Mapepala ake anakanidwa, ndinayesanso, anakanidwanso, mpaka mwana anamera ndevu ndikumuonera pa foni. Wachiwiri anabadwira kuno ku Glasgow. Chichewa amamva bwinobwino, makamaka ndikamamukalipira, koma amayankha m'Chingerezi chake cha dera lathu la Govan chimene nanenso mayi wake nthawi zina ndimachita kumuuza kuti abwereze.

Lamlungu lililonse tikabwerako kutchalitchi ndinkawalumikiza pa foni. Zinkandipweteka kuonera. Wamkulu ankafunsa za sukulu ngati ahedi, wamng'ono n'kuyankha liwu limodzi, kenako onse awiri ankayang'ana ine kuti ndiwamasule. Ndinkaopa chinthu chimodzi: kuti tsiku limene ndidzatseke maso, awiriwa adzakumana pamaliro anga ngati alendo.

Komatu mwana yemweyu, amene kwa ine amaumira mawu ngati ogula, akavala mahedifoni n'kukhala pa makina ake a gemu pabalaza, pakamwa sipatsekeka. Amaseka, amakangana ndi anzake a kusukulu, amalamula ngati kochi. Kumudzi nakonso achemwali ankadandaula kuti wamkulu akaweruka amathera ku kashedi kena kumsika, kumene anyamata amalipira kuti amenye mpira wa pa sikirini. Tsiku lina m'basi, ndikuchokera kunyumba yosamalirako okalamba kumene ndimagwira ntchito, zinthu ziwirizi zinakumana m'mutu mwanga. Ndinatsala pang'ono kupitirira siteji yanga. Ngati pa foni akulephera kucheza, bwanji osakumana pa mpira wawowo?

M'shopu ya m'tauni ndinapeza mnyamata wogulitsa amene ndinangomufunsa funso limodzi, iye n'kuyamba ulaliki. Anati makampani akuluakulu awiri, ina ya ku Japan ina ya ku America, akulimbirana anthu dziko ndi dziko, ndipo ya ku America inali itatsitsa mtengo kuno pofuna kukoka makasitomala a inzake. Anati ngati ndikufuna kuti ana akumane popanda vuto, ndigule ofanana ndendende ndi a pabalaza aja. Anali a ku America, oyera, aang'ono, opanda polowetsa chimbale. Zonse zimabwera pa intaneti, anatero, masiku ano ndani akusunga zimbale? Ndinamuuza kuti akupita ku Malawi. Anagwedeza mutu ngati ndatchula dera lina la kuseri kwa Dennistoun, konkuno ku Glasgow.

Kuno katundu wopita kumudzi amayenda ndi anthu a kutchalitchi. Akangolengeza kuti amayi akuti akupita mwezi wamawa, mayiyo amasanduka wokondedwa wa mpingo wonse. Atalengeza za amayi ena, ndinapita kwawo ndi katundu wanga, tinamuyeza pa sikelo ya kubafa, n'kupezeka kuti wapitirira. Ndinachotsa nsapato za achemwali ndi mafuta odzola kuti makina alowe. Ndinawakulunga m'chitenje changa chatsopano, ndipo ndinawapempha amayiwo mobwerezabwereza kuti sutikesi imeneyo asakhalire.

Makina atafika, wamkulu anatumiza chithunzi atanyamula bokosi. Sanali kumwetulira, koma sanamwetulirepo pa chithunzi chilichonse, choncho sindinadabwe. Tinapangana kuti Loweruka masana akumane. Wamng'ono anakonza pabalaza osatumidwa, chinthu chimene sichinachitikepo chibadwire. Anandifunsa kuti mkulu wake amutchule bwanji, ndipo anayenda m'nyumba monse akuyeserera kunena kuti achimwene, lilime likumupinda. Ndinalowa kukhitchini kuti asandione ndikupukuta misozi.

Loweruka limenelo uthenga unabwera woti magetsi azima. Lotsatira, netiweki ikuvuta. Lina, akukonzekera mayeso. Ine ndinkangotumiza ya bandulo, ndipo wamng'ono ankakhalabe pampando wake, mahedifoni m'khosi, akukana anzake amene ankamuitana kuti alowe nawo gemu. Ndinayamba kupsa mtima. Mtima wangawu suchedwa, achemwali amaudziwa kuyambira tili ana.

Ndi achemwaliwo amene anaulula, osadziwa kuti akuulula. Ndinawaimbira masana ena ndipo kumbuyo kwawo kunali phokoso la anyamata.

"Kuli msonkhano kumeneko?" ndinafunsa.

"Ndi makina ako ajatu," anatero. "Wayika pakhonde, anzake akumabwera kudzasewera n'kumalipira. Akuthandiza ndithu, ndiwo sizikusowa."

Ndinawauza kuti atembenuze foni ndione. Pa tebulo panali chinthu chakuda, chakale, chomata ndi tepi pakona, zimbale zitaunjikana pambali. Sanali makina anga.

Ndinati amuitane. Atatenga foni ndinayamba ndine, ndipo sindinasankhe mawu. Ndinamuuza za mashifiti amene ndinawonjezera, za msana wanga, za mng'ono wake amene amakhala pampando Loweruka lililonse. Anandisiya mpaka ndinatha mpweya. Kenako anayankha mwaulemu, ulemu uja umene mwana amapatsa mlendo wamkulu.

"Amayi, ndinayesa. Aja alibe polowetsa chimbale. Gemu iliyonse mpaka udawunilode, ndiye bandulo imene mumatumiza ija imatha gemu isanafike n'komwe pakati. Polembetsa amafunsa dziko, Malawi mulibemo, ndinachita kunama kuti ndili ku Joni. Kuno aliyense ali ndi a ku Japan. Zimbale timabwerekana, akawonongeka alipo okonza ku Limbe. Anu aja ngakhale okonzawo ankangowatembenuza. Ndiye wina anandipatsa awawa ndi zimbale zake, n'kutenga aja."

"Osandiuza bwanji?"

"Munali mutasangalala."

Ndinakhala pabedi. Ndinamufunsa ngati akale akewo angathe kukumana ndi a mng'ono wake. Anati ayi, ndi a kampani ina, komanso ndi akalekale, pa intaneti sanawalumikizepo.

"Aja ndi makina a kwanuko, amayi," anatero. "Munagula zoti zigwirizane ndi iye. Ine simunandifunse kuti kuno timasewera chiyani."

Sananene mokwiya, ndipo n'zimene zinandilasa kwambiri. Akanakalipa ndikanakalipa nanenso, tikanathana.

Mpaka lero ndikadutsa pa shopu ija n'kuona zikwangwani za makampani awiriwa zitayang'anizana, chimandikwera. Anthu anakhala m'maofesi awo n'kugawana dziko lapansi ngati nsalu, uku kwathu, uku kwanu, uku kulibe phindu tikusiye. Kumene anakusiyako n'kumene kuli mwana wanga. Sakundidziwa, sadzandidziwa, ndipo ndikudziwa kuti si iwo anakana mapepala ake. Koma munthu ukapwetekedwa umafuna pokalipira, ndipo zikwangwani siziyankha.

Ndisanadule foni tsiku lija ndinayesanso. Ndinati ndifunafuna a ku Japan atsopano awiri, ena kuno ena kumeneko, ndipo za intaneti tiona. Ndinkalankhula mofulumira ngati wogulitsa uja. Kumbuyo kwake anyamata ankakuwa kuti wina wagoletsa.

"Musavutike, amayi," anatero. "Chaka chino ndikulemba mayeso, ndipo pakhonde pano pamafuna munthu. Mungomuuza mwana wanuyo kuti asamadikire."

Anatsanzika bwinobwino, n'kubweza foni kwa achemwali. Achemwali anandifunsa ngati ndili bwino, ndinati ndili bwino, chimfine chabe, kuno kukuzizira.

Linali Loweruka. Nditatuluka kuchipinda ndinapeza wamng'ono ali pampando wake. Anachotsa hedifoni kukhutu limodzi n'kundiyang'ana. M'nyumba mwathu makoma ndi opyapyala, ndipo Chichewa chokalipa ndi chimene amachimva bwino kuposa china chilichonse. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za magetsi, koma anandidula. Anafunsa m'Chichewa, pang'onopang'ono, akusankha liwu lililonse kuti asalakwitse.

"Achimwene sabwera?"

Ndinati sabwera.

Anagwedeza mutu, n'kubwezera hedifoni ija kukhutu. Patapita kanthawi ndinamva akuitana anzake a kusukulu m'Chingerezi, akuwauza kuti kuyambira tsopano Loweruka azimuwerengera.