Kope limene ndinkalembera malemu akazi anga

Linali Loweruka la chiperoni. Kamvula kankawaza kuyambira m'mawa, phiri la Soche osaoneka, ndipo kunsi kwa windo la kalasi yathu m'tauni ya Blantyre oitanira minibasi ankakuwa za ku Limbe ndi mawu osasa. Tsiku limenelo ndi limene kope langa linasowa.

Ndinali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri. Mkati mwa sabata ndinkagwira ntchito mu ofesi, Loweruka n'kumaphunzira digiri ya zamakompyuta. Phunziro la masamu a disikiriti ndinali nditalilephera kale kamodzi, chaka chimene akazi anga anamwalira. Lamulo la sukulu linali lakuti ukalephera kachiwiri, akuchotsa. Achinyamata ankati kuwidedwa.

Ulendo woyamba ndinkaloweza mayankho a mapepala akale, monga ankachitira aliyense. Ulendo wachiwiri ndinakumbukira akazi anga. Iwo ankaphunzitsa pulayimale ku Limbe, ndipo mwana akawapatsa yankho lolondola sankamusiya msanga. Ankamufunsa kuti, "Chifukwa chiyani?" Choncho ndinagula kope lachikuto cholimba. M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndinkasova mafunso awiri, n'kutseka buku, n'kuwafotokozera iwo m'kopemo m'Chichewa zimene ndachita. Pamene ndadumpha mfundo ndinkalemba funso lawo lija ndi cholembera chofiira, n'kuliyankha.

Njira yotsimikizira imene amaitcha indakishoni ndinaimvetsa motero. Ndinalemba kuti: "Amayi, mukukumbuka tikumanga tchalitchi, titandanda pamzere kupatsirana njerwa? Woyamba akalandira njerwa, ndipo aliyense wolandira akapatsira womutsatira, njerwa ifika kwa onse. Koma woyambayo akapanda kulandira, mzere wonse ungoima chimanjamanja."

Aphunzitsi anandiika m'gulu la achinyamata anayi. Wotsogolera anali mnyamata wa kubanki, wamtali, wokonda kuzunguza makiyi a galimoto pachala. Sanabise kuti sakundifuna.

"Madala, ife tili ndi mapepala a zaka zisanu. Inu ndi chifukwa chiyani wanuyo mutichedwetsa."

Pa mayeso a pakati pa semesita ndinawaposa onse anayi. Loweruka lotsatira, la chiperoni lija, ndinatuluka kukagula tiyi, kope ndinalisiya pa desiki. Pobwera panali pambalambanda.

Lolemba masamba ake anali pa gulu la pa foni la kalasi yonse. Anajambula makamaka pamene panali mawu akuti "Amayi" ndi zofiira zija. Wina analemba m'munsi kuti, "Ndiye mwati tipikisane ndi munthu amene akusoveredwa ndi akumanda?" Zizindikiro za kuseka zinatsatana mpaka ndinazimitsa foni.

Loweruka linalo ndinapita kwa mnyamata wa kubankiyo, anthu asanakhale pansi.

"Achimwene, ndimapempha kope langa."

"Kope lanji, madala?"

"Limene munajambula."

"Afunseni amayi. Si amadziwa zonse?"

Kalasi inaseka. Mtsikana wa m'gulu lathu, amene ndinkamuona ngati mwana wanga, anakoka mpando wake kuti utalikirane ndi wanga.

"Komatu zoona, bambo," anatero, "zofiirazo amalemba ndani? Munthu wa mpingo ngati inu? Ife zamizimu ayi."

"Ndimalemba ndine."

"Eee, dzanja ndi lanu," anayankha mnyamata uja, makiyi ali ngwengwengwe. "Nanga mutu?"

Kunatsala masabata atatu kuti tilembe mayeso omaliza, ndipo ntchito yanga ya miyezi itatu inali m'chikwama cha munthu wina. Ndikanatha kukadandaula kwa aphunzitsi, koma sindinamuone akutenga, ndipo sindinafune kunenera munthu chinthu chimene maso anga sanaone. Ndinatsika kukakwera minibasi ya ku Chilomoni. Sabata imeneyo sindinagwire buku. Ngakhale Pemphero la Ambuye ndinkati ndikafika pa mawu a kukhululukira, ndinkalekera pomwepo. Chinkandiwawa kwambiri n'chakuti anthu amene sanawaonepo akazi anga ankawatchula akuseka.

Lolemba lachiwiri ndinagula kope lina ku Limbe, lachikuto chofewa. Ndinakhala patebulo ndi mantha, poganiza kuti ndiyambira pachiyambi. Ndinalemba kuti "Amayi," ndipo njerwa zija zinabwera zokha. Chinabweranso chitsanzo china chimene ndinawalemberapo, cha nkhunda khumi m'zisa zisanu ndi zinayi, chosonyeza kuti chisa chimodzi chigonamo ziwiri. Pamene ndakakamira ndinkatenga cholembera chofiira, monga kale. Pofika Lachisanu ndinali nditaona kuti zambiri zimene ndinawafotokozerapo zinali zikadali m'mutu. Masiku otsalawo ndinalimbana ndi zimene zinkandivutabe.

M'kalasi palibe ankandilankhula. Ndikalowa, wina ankayamba kung'ung'udza nyimbo ya pamaliro chapansipansi.

Pa mayeso aphunzitsi anasintha mafunso. Funso la indakishoni silinafanane ndi la pepala lakale lililonse. Ndinayamba ndi munthu woyamba pamzere, n'kuona ngati walandira njerwa, kenako ena onse. Ndinakhoza, osati mwapamwamba, koma ndinakhoza, ndipo kusukulu sanandichotse.

Zotsatira zitatuluka, mnyamata wa kubankiyo anandipeza pakhonde la kalasi. Iye ndi awiri a m'gulu lija anali atalephera. Anatulutsa kope langa m'chikwama n'kuliponya pabenchi. Chikuto chinali chothothoka, masamba ena atathimbirira ndi mafuta a tchipisi.

"Tengani zinthu zanu, madala. Tinaloweza tsamba ndi tsamba, koma sizinagwire. Zimagwira kwa eni ake."

Sanapepese. Mtsikana uja anaima chapatali akuyang'ana foni, ndipo mpaka lero tikakumana m'tauni amawolokera tsidya lina la msewu.

Ndinalipukuta kope lija ndi mpango n'kuliika m'chikwama. Lamlungu kutchalitchi pemphero lija ndinalinena lonse mpaka kumapeto. Ndinawakhululukira.