Mwana Wanga Wosayankhula ndi Mphekesera za Kukhwima

Ndinabwerako ku Halale m'zaka za Chitaganya ndili ndi njinga yatsopano. Ndinali mkamwini m'mudzi wina kufupi ndi Sinda. Mwana wathu wamkazi, amene ndinamusiya ali khanda, ndinamupeza ali ndi zaka zinayi koma akukwawabe. Sankayankhula. Dovu linkangoyenderera pachibwano, ndipo akafuna chinthu ankamenya pansi ndi chikhatho.

Chaka chimenecho mtedza wanga unabereka kuposa wa anzanga. Anthu anayamba kulumikiza zinthu: njinga, nkhokwe yodzaza, mwana wosayankhula. Ndikamadutsa pachitsime amayi ankadula nkhani. Tsiku lina amalume a mkazi wanga anandiitanira kuseri kwa khola la ng'ombe.

"Akamwini, tiuzeni zoona. Mwanayu munamuchita chiyani ku Halale kuja?"

"Ine, bambo? Mwana wanga yemwe?"

"Anthu akuti munakhwima. Akuti nzeru za mwanayu ndizo zikukudzazirani nkhokwe."

Kuyambira tsiku limenelo mtima sunakhalenso m'malo. Ndikapita kumunda ndinkalima pang'ono, khasu pansi, kuthamangira kunyumba kukamuona. Ndikafika, nyumba inkandipanikiza. Ndinkakwera njinga mpaka kumsewu waukulu, n'kuima pamenepo kumangoyang'ana malole opita ku Lusaka. Ndinkafuna kukwera limodzi osabweranso. Koma ndikanathawa, akanati zija zinali zoona.

Apongozi anga aakazi anapita naye mwanayo kwa sing'anga wa kufupi ndi Vubwi. Anabwera naye ali ndi mphini pachifuwa ndi pakhosi, zina zitayamba mafinya. Akulu a mpingo anabwera kudzamupempherera. Mwana anali chimodzimodzi.

Amene anaganiza za chipatala ndi mkazi wanga.

"Bambo ake mwana, tiyeni ku Katete, kuchipatala cha mishoni. Ngati akakane, tikamve ndi makutu athu."

Tinanyamuka m'mamawa panjinga, mkazi wanga pakaliyala, mwana kumsana. Lole likamadutsa mwanayo ankakuwa, kudzipinda, mpaka anawaluma amake paphewa. Tinkatsika, kumutonthoza, kukankha njinga mumchenga, kukweranso. Tinafika dzuwa lili paliwombo, fumbi mpaka m'nsidze.

Pakhonde panali mzere wautali. Anthu ankamuyang'ana mwanayo kenako n'kundiyang'ana ine. Ndinalephera kukhala pabenchi. Ndinkangozungulira mtengo wa mango, kubwera kudzaona ngati mzere wasuntha, kupitanso.

Dokotala anali mayi wachizungu, ndipo amene ankatimasulira anali bambo wina wachingoni wogwira ntchito pomwepo. Dokotalayo anagwedeza makiyi kumbuyo kwa mwana, mwana n'kucheuka. Anamupinda miyendo ndi kuiwongola. Kenako anafunsa za kubadwa kwake. Mkazi wanga anafotokoza zimene ine sindinkazidziwa, poti mwamuna safika kuchikuta: kuti matenda anatenga nthawi yaitali, ndipo mwana atabadwa sanalire msanga, azamba anachita kumuwaza madzi.

"Akuti mwanayu amamva bwinobwino," anatero womasulira uja. "Koma pobadwa anachedwa kupuma, ubongo unavulala."

"Ndiye mumubaya jakisoni?" ndinafunsa.

"Jakisoni wa zimenezi kulibe, bambo. Koma akuti palibe munthu anamulodza, palibe analakwa. Muziyankhula naye, muzimuimiritsa, musamutsekere m'nyumba."

"Bwerezani," ndinatero. "Uzani akazi angawa. Kumudzi mawu anga sawamva."

Anabwereza pang'onopang'ono, akuyang'ana mkazi wanga. Mphini zija dokotala anazitsuka n'kuzipaka mankhwala ofiirira. Ndinatuluka nditakwiya, sindikudziwa kuti ndinakwiyira yani. Ndinkayembekezera kubwerera ndi botolo m'thumba.

Kumudzi mkazi wanga anafotokozera amalume ake zonse. Iwo anangoti, "Azungu sadziwa za kuno." Ena anakhulupirira, ena ayi. Mkazi wanga sanatsutsane ndi munthu. Lamulungu anamusambitsa mwanayo, kumuveka diresi, n'kukakhala naye kutsogolo m'tchalitchi. Nyimbo ikayamba mwanayo ankakuwa mokondwa, anthu n'kumacheuka. Sabata yotsatira anapita nayenso.

Tsiku lina titaweruka, mayi wa m'mudzi woyandikana nafe anatitsatira panjira. Anayang'ana uku ndi uku asanayankhule.

"Inetu ndili naye wotere, wamwamuna. Satuluka. Kodi kuchipatalako sakakalipa?"

"Sakalipa," anayankha mkazi wanga. Sabata yomweyo amuna awo anabwera kudzabwereka njinga.

Ine ndinadula nsungwi n'kumanga chogwirira kuchoka pakhomo mpaka pakhola la nkhuku. Madzulo alionse ndinkamuimiritsa pamenepo. Ankagwa, kulira, ine n'kuchokapo mtima utawawa, kenako n'kubwereranso. Anayamba kuyenda mano a mkaka akuguluka, mopendama, akukoka mwendo umodzi. Kudyetsa nkhuku inakhala ntchito yake, ndipo wina akaigwira ankakwiya.

Mawu anaphunzira ochepa chabe. Aliyense womukonda ankamuitana kuti "amama." Ngakhale ine ankandiitana choncho, pagulu, amuna anzanga akuseka. Ndinkayankha.