Handibuleki ndi Ntchito ya Apongozi Anga

Pa esiteti ya tiyi imene ndinkagwirako ntchito ku Thyolo, masiku a chitaganya aja, panali galimoto imodzi yomwe ngakhale mwana wa kumsana ankaidziwa kulira kwake. Kanali kagalimoto kofiira psuu, kopanda denga, ka mipando iwiri basi, matayala ake a masipoku ngati a njinga. Kanapangidwa nkhondo yachiwiri isanayambe, ndipo kanadutsa m'manja mwa azungu angapo kasanafike kwa bwana wamng'ono wa pa esiteti yathu, mzungu wamtali wosakwatira amene ankayang'anira minda ya kumtunda. Kuthamanga kokha, eee, kankathamanga. Vuto linali kuima. Ukakaimika pamtsetse n'kukoka handibuleki, kankayamba kakhala kaye phee, iwe n'kumati kamva. Ukangotembenuka, kayamba ulendo.

Nanga ku Thyolo malo athyathyathya mungawapeze kuti? Ofesi, fakitale, shedi yoyezera tiyi, zonse zinamangidwa pamtsetse. Tsiku lina bwanayo analowa mu ofesi kukasaina mapepala, ndipo potuluka anapeza galimoto yake ili m'kati mwa munda, mizere isanu kumunsi, ngati yabwera kudzathyola nawo tiyi.

Apongozi anga aamuna anapezera mwayi pomwepo. Iwo anali Mlomwe weniweni, wochita kuwoloka Ruo ali mnyamata, ndipo anathyola tiyi zaka zambirimbiri mpaka zala zinakana kupinda. Kapitawo anali atawaika kale m'gulu la oyenera kupuma. Pa esiteti kupuma kunkatanthauza kutuluka m'nyumba ya kumalaini n'kukafuna kwina kogona. Tsiku limenelo iwo anali pafupi, ndipo anthu atakankha galimoto kuitulutsa m'munda, ndi iwo amene anathamanga n'kuika mwala kunsi kwa tayala. Bwana anayang'ana iwo, anayang'ana mwala, kenako ananena m'Chinyanja chake chopindika chija kuti, "Madala, iwe mawa bwera. Bwera ndi mwala."

Ntchito inapezeka choncho. Pa tikiti anawalemba kuti ndi mesenjala, koma kalata sananyamulepo ndi imodzi yomwe. Anapita kumtsinje kukasankha mwala wawowawo, wosongoka mbali imodzi kuti uzilowa bwino kunsi kwa tayala, ndipo Loweruka lililonse ankautsuka. Bwana akamazungulira minda, iwo ankakhala pampando winawo, chijasi chausilikali m'thupi, kuphazi kulibe kanthu, mwala uli pamiyendo. Galimoto ikangoima, iwo tsikeni, mwala ponyeni, kenako n'kuima pambali manja kumbuyo. Amayi othyola tiyi akawaona akudutsa ankawaimbira nthungululu, iwo osacheuka n'komwe. Munthu wakuda wokwera kutsogolo ndi mzungu pa esiteti yonse anali iwo okha, ndipo ankadziwa zimenezo.

Ine nthawi imeneyo ndinali makaniko wachiwiri m'galaja ya esiteti. Ntchito ndinaiphunzira pa malole a asilikali, ndipo ndisaname, ndinkadzimva. Koma pamaso pa apongozi mkamwini ndi mkamwini basi. Galimoto ija ikandipeza panjira ndinkapatukira m'ngalande n'kuvula chipewa. Anzanga ankaseka kuti ndimaopa mzungu. Mzungu wa chiyani, ine ndinkavulira apongozi anga.

Zinayenda choncho dzinja ziwiri. Kenako kunabwera manijala watsopano, munthu woti akaona msomali pansi amafunsa kuti wautaya ndani. Ataona madala ndi mwala wawo, akuti anafunsa ngati kampani imalima tiyi kapena miyala. Analamula kuti handibuleki ikonzedwe. Anthu sanade nkhawa, chifukwa galimotoyo inali itapita kale kawiri ku galaja ina ya ku Limbe n'kubwerako ikutsetsereka chimodzimodzi. Aliyense ankati matendawa ndi obadwa nawo.

Lolemba m'mawa bwana wamng'ono anailowetsa m'galaja mwathu. Mkulu wathu wa pagalaja anali atapita kumaliro ku Makwasa, ndiye makiyi anagwera m'manja mwanga. Mtima wanga unadumpha. Za apongozi sindinaziganizireko ngakhale pang'ono, ndikuuzeni zoona. M'mutu mwanga munali chinthu chimodzi: zakanika a ku Limbe, lero aona.

Ndinaikweza pa jeke, n'kumenya nati yaikulu ya pakati pa tayala ndi hamala ya mkuwa, matayala akumbuyo onse awiri n'kuchoka. Nditatsegula dilamu ya buleki ndinaseka ndekha. A ku Limbe aja ankangokungitsa chingwe cha handibuleki, osatsegula m'kati kuti aone. M'katimo, mashuzi amene amagwira dilamu kuti tayala lisazungulire anali thapsa ndi oyilo. Kansalu kokhuthala kamene kamatchinga oyilo wa mu ekiselo kanali katadyeka, oyiloyo n'kumachuchira pa mabuleki. Ndiye ungakoke bwanji, chinthu choterera chigwira chiyani?

Mashuziwo ndinawatsuka ndi petulo, n'kuwaika pamwamba pa makala a moto kuti atuluke thukuta. Oyilo ankatuluka bii, ine pukutani, bwezeraninso pamoto, mpaka anauma gwa. Kansalu katsopano kotchingira oyilo m'sitolo munalibe. Ndinayang'ana uku ndi uku, maso n'kugwera pa chipewa changa. Nsalu yake inali yomweyo. Ndinachidula ndithu, timagudumu tiwiri tooneka bwino, ndipo chipewa chinathera pomwepo. Chingwe nachonso chinali chitagwirana ndi dothi lofiira la kwathu kuja, lomwe likalowa pamalo silituluka ndi mapemphero. Ndinachiviika m'palafini, n'kuchipachika kudenga, ndikudonthezera oyilo kumwamba mpaka anatulukira kumunsi.

Lachiwiri ndinabwezera zonse. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Sumayamba ndi chingwe ayi. Umayamba wasendeza mashuzi kufupi ndi dilamu mpaka tayala likane kuzungulira, kenako n'kubweza pang'ono kuti lizizungulira likukhudza chapatali. Ukatero mbali zonse ziwiri ndi pomwe umapita ku nati ya chingwe, imene ili kunsi kwa chogwirira, n'kumanga pang'onopang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nditamaliza ndinakaiyesa pamtsetse woipitsitsa wa kuseri kwa fakitale. Ndinakoka mano atatu okha, galimoto nji! Ndinaitana anyamata anayi a mu fakitale kuti akankhe. Anakankha mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera, koma sinasunthe.

Ndinafika kunyumba dzuwa lisanalowe, ndikuimba mluzu, mutu uli pamtunda. Mkazi wanga anali pakhonde akusenda chinangwa. Ndinamufotokozera zonse, za oyilo, za makala, za anyamata anayi aja. Anandimvetsera mpaka kumapeto, mpeni osaima.

"Mwagwira ntchito," anatero. "Ndiye ababa mawa azikagwira chiyani?"

Kalanga ine! Ndinangoti kakasi. Masiku awiri athunthu ndakhala ndikuchotsa apongozi anga ntchito ndi manja angawa, ndikuimba nyimbo. Manijala uja ankangodikira kuti handibuleki igwire, tikiti ya madala ithe, nyumba ya kumalaini ipite kwa wina. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamveponso. Mkazi wanga sanawonjezere mawu ena. Ananyamula chinangwa chake n'kulowa m'nyumba.

M'mawa mwake ndinalawirira ku galaja, chiperoni chili mbuu, belu loyamba lisanalire. Nzeru ndinali nditaipeza, ndipo ndinkaiona ngati yakupsa. Kungobweza nati ya chingwe ija kasanu ndi kamodzi, basi. Galimoto izigwira pang'ono, izitsetsereka pang'ono, ine n'kuuza bwana kuti ndayesetsa koma zitsulo zake n'zakale. Anthu akaseka kuti nanenso zandikanika, aseke. Ndinagwada pambali pa galimoto, n'kulowetsa sipanala.

Ndinali nditazungulitsa kanayi pamene ndinamva kutsokomola pakhomo. Anali apongozi. Ankabwera m'mamawa tsiku lililonse kudzadikira galimoto, ine n'kuiwala. Sanandiyandikire. Anakhala pa tayala lakale la thirakitala chapatali, atayang'ana kumbali monga mwa ulemu wake, mwala ataugoneka pafupi ndi phazi. Tinapatsana moni wa m'mawa, ine ndili chigwadire.

"Akamwini," anatero, "anyamata a mu fakitale akuti dzulo anakankha anayi osaisuntha."

"Zinali choncho, bambo."

"Nanga sipanalayo ikulowera kuti?"

"Ndikungoonaona, bambo, ngati zonse zili m'malo."

"Ine kusukulu sindinapiteko," anatero, "koma mpopi wa madzi ndimatsegula tsiku ndi tsiku. Uko mukuzungulitsirako n'kotsegula."

Ndinasowa poyika nkhope. Ndinayamba kufotokoza mozungulira, za nyumba, za amayi apongozi, za manijala, mawu akungogundana m'kamwa. Anandisiya ndilankhule mpaka ndinatha ndekha.

"Mwatha? Tsopano mverani. Kumunsi kwa ofesi kuli chiyani?"

"Shedi yoyezera tiyi, bambo."

"Masana amayi akamayezetsa madengu, ana awo amawagoneka pati?"

Sindinayankhe. Tonse tinkadziwa kuti amawayala pa zitenje m'mbali mwa msewu, pamthunzi wa shedi, molunjika ndi pamene bwana ankaimika galimoto.

"Maondo angawa atha," anapitiriza. "Kale ndinkatsika galimoto isanaganize zoyenda. Mwezi wathawu inayenda mapazi atatu ndisanaponye mwala. Bwana sanaone, koma ine ndinaona. Sindigona nazo, akamwini. Ndinalibe pokanena, chifukwa ndikanena ndiye kuti ndadzichotsa ndekha. Dzulo nditamva za anyamata anayi aja ndinadya bwino koyamba. Ndiye inu mukufuna mundibwezerenso katunduyu pamutu?"

Misozi inalengeza m'maso mwanga, ine munthu wamkulu, wa ana awiri. Ndinati, "Nanga mukakhala kuti, bambo?"

"Kwawo kwa apongozi anu aakazi ku Khonjeni kuli munda. Khasu ndigwira ndi zikhatho ngati zala zikukana. Mangani natiyo."

Ndinatembenuza sipanala. Kamodzi, kawiri, katatu, kanayi.

"Yafika pamene inali dzulo?"

"Yafika, bambo."

"Kokani ndimve."

Ndinakoka. Mano atatu, nji. Anagwedeza mutu, n'kunyamula mwala wawo kukadikira bwana panja.

Bwana wamng'ono atabwera tinapita tonse atatu ku mtsetse wa ku ofesi, ine ndikuthamanga pambuyo poti mipando inali iwiri. Anaimika, anakoka handibuleki, anatsika. Apongozi nawo anatsika, koma mwala sanauike. Anaugwira pachifuwa n'kuima pafupi ndi tayala, maso ali pa sipoku imodzi, kudikira kuti isunthe. Tinaima choncho nthawi yoti munthu n'kusuta ndudu yonse. Sinasunthe. Bwana anandimenya paphewa akuti, "Gudu, gudu kwambiri!" Kenako anayang'ana madala, nkhope yake n'kufiira, ndipo analowa mu ofesi mofulumira osanena kanthu.

Mwezi utatha tikiti yawo sinalembedwenso. Katundu wawo anakwana pa njinga ziwiri, yanga ndi yobwereka, ndipo tinawaperekeza ku Khonjeni wapansi, tikukankha. Mkazi wanga anatha milungu itatu akundipatsa madzi osamba osandiyang'ana. Sindinamuuze za m'galaja zija. Ndikanati chiyani, kuti ndinayesa kuwononga ntchito n'kugwidwa?

Patapita miyezi ingapo tinapita kukawaona. Linali Lamulungu, anthu atangotuluka m'tchalitchi, ndipo ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo wa mango ndi madoda anzawo anayi. Anali ataonda, chijasi chija chikuwakulira. Ndinanjuta chapatali kudikira kuti andione. Mmodzi wa madodawo, wosandidziwa, ankawafunsa kuti zinatani kuti munthu wokwera galimoto ndi mzungu abwere kudzalimbana ndi nandolo kuno. Anachita kuwachotsa ndani?

Apongozi anatukula mutu, n'kundiloza ndi chibwano.

"Anandichotsa ndi awo akhala apowo, akamwini anga," anatero, mawu ali pamwamba kuti onse amve. "A ku Limbe analephera kawiri. Awa masiku awiri okha. Akamanga chinthu awa, amuna anayi sachisuntha."

Madoda aja anatembenuka onse kundiyang'ana, wina mpaka anaomba m'manja. Ine ndinaweramitsa mutu, n'kupempha kuti ndikaone kaye njinga kuseri kwa nyumba. Njingayo inalibe vuto lililonse, koma ndinakhalitsa kumeneko.