Dzanja la a Sipanala

Anthu amawatchula kuti a Sipanala chifukwa sipanala sichoka m'thumba mwawo, ngakhale pamaliro. Akafika pakhomo pa eni n'kuona chitseko chikugwedera, amayamba amanga, moni pambuyo. "Ine chogwedera sindichipirira," amatero.

Koma umakaniko wawadya msana. Masiku ano akalowa pansi pa galimoto, potuluka amachita kukokedwa miyendo ndi akazi awo. N'chifukwa chake anakaphunzira zoyeza magalimoto, kuti akapeza chiphaso azigwira ntchito choimirira.

Tsiku la mayeso anawapatsa minibasi kuti aipeze zolakwika. Pa tayala lakutsogolo anapeza nati yomasuka, ndipo dzanja linapita lokha m'thumba. Atamaliza, ananena kuti galimotoyo ili bwinobwino.

"Nati ija tinaimasula dala, bambo," anatero mkulu woyang'anira mayesowo. "Woyeza samanga. Amaikaniza galimoto kuyenda, basi. Mwalephera."

"Ndiye ndikanangoiyang'ana ikugwedera?"

"Ntchito yake ndi imeneyo."

Kunyumba akazi awo atangoona nkhope yawo, anawayalira katoni pansi pa lole ya kasitomala, n'kukhala pambali kudikira nthawi yokoka miyendo.